Sainani Apa

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkamanga mzinda
pa tebulo lopendama ku Area 25,
mwendo wake umodzi utaponda njerwa.
Masana ndinkawerenga mabelo a fodya wa eni ku Kanengo.
Usiku, magetsi akathima,
ndinkaluma tochi ndi mano
n'kumalemba za anthu a pansi pa mlatho wa Lilongwe
ogulitsa zithunzithunzi zawo pa sikelo,
ndi za akhwangwala ovala kolala yoyera
amene amasunga kaundula wa ngongole.

Mutu wachisanu ndi chinayi unandikana miyezi khumi.
Nsamaliya, mtsikana wanga wopanda chithunzithunzi,
anangoti njo pachipata cha dzimbiri,
kulowa ayi, kubwerera ayi.
Ndinamunyengerera. Ndinamukalipira.
Mapepala ong'amba anayatsa mbaula mpaka Juni kutha.

Wosindikiza wa ku Old Town anaseka:
"Mayi Kalimanjira, za akhwangwala agula ndani?
Tilembereni mafunso ndi mayankho a Fomu Folo."
Wina anasunga zolemba zanga zaka ziwiri,
n'kundibwezera zili ndi mphete ya tiyi pachikuto.
Ndinasindikiza ndekha, mazana atatu,
ndi ndalama za chipereganyu.
Makatoni anasanduka mipando ya alendo.

Koma limodzi linathawa,
m'chikwama cha ndani kaya.
Foni inalira tambala asanalire:
mayi wa ku Koreya, namwino wakale wa ku Nkhoma,
Chichewa chake chopondaponda ngati woyenda pa matope.
"Pepani, mawu oti zii,
ndi kukhala chete, kusakoma, kapena kusowa anthu?"
Ndinati zonsezo.
Anausa moyo kutsidya kwa nyanja zingapo.

Buku linabwera litavala zilembo
zonga timazenera ndi timakwerero.
Ndinasaka dzina langa, osalipeza.
Ndinazindikira khwangwala wa pachikuto basi,
iyenso atanenepa.

Mizinda isanu, masiku khumi ndi awiri,
m'jekete ya pa kaunjika ku Tsoka.
Mzere unkakhota kuseri kwa nyumba
ngati wa mafuta pa filing'i siteshoni,
koma wopanda zigubu, wopanda wotukwana.
Siginecha ija ya pa malisiti a fodya
ankainyamula ndi manja awiri.
Chala chinatupa, bolopeni zinatha zinayi.
Ku Busan mtsikana wina analira osabisa,
wotanthauzira nati:
"Akuti nayenso anagulitsa chake, kwa abwana."
Kuhotela ndinkagona ndi masokosi,
ndikudzifunsa ngati akukonda buku langa
kapena la namwino uja.

Loweruka lapitali inali nthawi ya kwathu.
Shopu ya mabuku ku Area 3, mipando makumi anayi.
Anabwera anthu asanu ndi anayi,
atatu mwa iwo akuthawa mvula.
Wosindikiza uja anandigwira chanza nthawi yaitali:
"Ife tinkadziwa kale, mayi."
Fanta anatsala kireti yathunthu.

Ndikulongedza, kunalowa wakabaza,
thalauza atalimanga ndi mphira m'miyendo,
madzi ali chuchuchu.
M'jumbo anatulutsa limodzi la mazana atatu aja,
lakuda ndi girisi, msana utathyoka.
"Ndinagula kwa venda pa depoti.
Koma masamba akumapeto anakulungira mtedza.
Chaka chino n'chachitatu ndili pachipata chija.
Ndiuzeni, mayi, analowa?
Anachipeza chithunzithunzi chake?"

Ndinafuna kumupatsa latsopano. Anakana.
"Langa ndi ili."

Ndinakoka mpando umodzi mwa opanda anthu aja.
Mvula ikulira pa malata, wa shopu akugwedeza makiyi,
ndinamuwerengera m'chinenero chomwe ndinalotera,
palibe wofunsa kuti zii n'chiyani.
Titafika pachipata anatseka maso.

Kenaka anandilozera ndi chala chakuda
pakona pomwe girisi sanafike:
"Sainani apa.
Koma musathamange, ndikufuna ndiliwerenge dzinalo."