Mzere Wakhota

Ine ndimayala matailosi.
Zaka khumi ndi zinayi mu Joni muno
ndagwada m'mabafa a ku Sandton
kuposa momwe ndagwadira m'tchalitchi.
Mzere ukakhota pang'ono pokha
ndimauona ndikadali pakhomo.

Ndiye Lachitatu lija, kuchipatala cha ku Parktown,
Dokotala Sithebe atanditembenuzira kompyuta
nati, aka ndi kanyama tinatsina m'phapo mwako,
sindinadikire kuti amalize.
Ndinati, adokotala, ameneyu anayala wopanda chingwe.

Anaseka, kenako anasiya.

Akuti njira ya mpweya inayalidwa ndi maselo
oima ndondolo, lililonse ndi katsache kumutu,
kusesa fumbi usana ndi usiku osalipidwa.
Utsi ukachuluka timatsache timathothoka.
Maselo amaphwatalala, amakhakhala ngati zikhatho zangazi,
poti nawonso akudziteteza.
Apo mpoyambira chabe.

Kenako ana awo amabadwa osamva:
uyu mutu waukulu, uyo wopotoka, wina pamsana pa mnzake,
monga tinkagonera ku Hillbrow chaka chomwe ndinafika,
anthu khumi ndi atatu chipinda chimodzi,
makatani m'malo mwa khoma,
aliyense akuitananso msuweni wake.

Ndi khansa? ndinafunsa.
Ayi, sinafike.
Ndiye ndili bwino?
Ayinso.

Pansi pawo pali kansalu
kopyapyala kuposa khoko la anyezi.
Malinga sanakaboole, mlandu ukadali wa m'nyumba.
Tsiku lomwe mmodzi adzapeze mng'alu
natsikira komwe kumayenda magazi,
dzina lidzasintha.
Ena amabwerera okha mumzere utsi ukaleka,
ena amakhala chikhalire zaka ndi zaka,
ena amaboola.
Anga ndi ati? Anatambasula manja.

Amati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.
Wanga anapitirira mphuno kalekale,
ndudu za imodzi-imodzi zogula pa Noord podikira takisi,
wanga yense, palibe anandilanda.
Onjezanipo fumbi la galainda
lomwe ndinkatuluka nalo mbuu ngati ndagwa m'chigayo,
mabwana ataima patali ndi khofi wawo.

Usiku Nangondo anaimba kuchokera ku Ntcheu.
Mbuzi yaswa awiri, malata a kukhitchini akudontha,
nanga chifuwa chija akuti chiyani?
Ndinasakasaka mawu.
Kwathu munthu amadwala kapena wachira.
Uyu woima pakhonde,
wosaodira, wosabwerera,
timamutcha ndani?
Ndinati, akuti ndidzapitenso mu Malichi.
Anati hm, hm yake ija yodziwa
kuti mawu ena ndawasiya m'thumba.

Paketi ndinaisiya pawindo, muli zitatu.
Sindinaitaye. Ndisaname.
Ndimaiyang'ana m'mawa ngati galu wa eni
amene anandilumapo kale.
Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi.

Kuntchito kuli kamnyamata, Zondiwe,
kanabwera pa basi mwezi wathawu.
Kanayatsa galainda pa tailosi louma,
mphuno pamtunda, kakuimba mluzu.
Ndinazula chingwe kukhoma.
Thira madzi kaye, ndinatero, vala ichi kukamwa.
Kanandiyang'ana ngati ndayamba misala.

Masana tinakoka chingwe kuchoka pakona kufika pakhomo.
Ndinachigwedeza ndi chala, chinalira, chinaima.
Simenti ikadali yaiwisi
tailosi limamva dzanja,
umalikankha pang'ono, limabwerera.
Ndinapumira m'kati mofatsa,
kumvetsera ngati kumeneko
sinaume.