Mpando Suzengedwa Mlandu

Ndinapita kukasumira munthu.
Anandiuza kuti kumeneko kulibe munthu,
kuli mpando.

Komatu a Katsekera ndimawadziwa.
Mbaula ya kukhitchini kwawo ndinakhoma ndine,
anachita kunenerera mtengo
mpaka ndinawachotsera faifi handiredi.

Tsiku lija anali ndi chimfine.
Anayetsemula kawiri, anayang'ana wotchi,
nasaina pa fayilo ya munthu wina:
Yotamu Chalira wa ku Biwi, woba mabatire.
Ine ndine Yotamu Chalera wa ku Mchesi,
wokhoma zidebe.
Ndinakweza mkono, anati ndikuderera bwalo.
Chilembo chimodzi chokha,
miyezi iwiri ndi masiku atatu ku Maula,
kugona chammbali ngati usipa wa m'katoni,
kutembenuka pokhapokha nyapala atalamula.

Potuluka ndinapeza pashedi panga
pali mnyamata wogulitsa mabokosi a maliro.
Sizasi yodulira malata mkazi wanga anagulitsa
kuti alandilodi asazule chitseko.
Tiyanjane mayeso a sitandade eyiti
anangowamvera kwa anzake.

Loya wothandiza osauka, mayi Nyirongo,
anandipatsa madzi m'kapu yakeyake.
Anati, bambo Chalera, mvetsani:
woweruza akamaopa kusumiridwa
cholembera chidzanjenjemera m'manja mwake,
mwini mafilingisiteshoni akadzagonja pa mlandu
adzamukokera kukhoti mpaka amuweramitse,
ndipo wolira adzakhala inu nomwe amphawi.
Choncho zimene walemba atakhala pampando
lamulo lazifunditsa bulangete.

Ndinamva. Sindine chitsiru.
Denga limatchinga mvula kwa onse, inde,
koma ine ndagona pamene likudontha.

Tinakwerabe masitepe a bwalo lalikulu,
nsapato zobwereka zikundiluma chidendene.
Akuluakulu a kumeneko anawerenga mofatsa,
magalasi ali pansonga ya mphuno,
nati: nkhaniyi kumunsi sinathe,
fayilo ya Chalira ikadali yotsekula,
ife sitilowa m'munda mnzathu asanakolole.
Bwererani komweko.

Komweko kuli yani?
Mpando womwe uja,
chimfine chokha ndicho chinapola.
Kalaliki akuti fayilo ikufunidwa,
bwerani Lachinayi,
Lachinayi akuti abwana ali ku semina ku Salima.
Minibasi ya ku Mchesi yandidziwa,
kondakitala sandifunsanso kotsikira.

Sindikufuna nyumba yawo ya ku Eriya 47.
Sindikufuna n'komwe kuti akalawe Maula.
Ndikufuna pepala limodzi
lolembedwa ndi dzanja lomwe lija:
ndinalakwitsa chilembo, munthuyu si ameneyo.
Akuti pepala lotero lilibe fomu yake.

Ine chidebe changa chikadontha
mwini wake amabwera nacho pamaso panga,
amanditukwana anthu akuona,
ndimachimata ulere, ndimapepesa.
Palibe nyundo inanjenjemerapo
chifukwa cha zimenezo.

Dzulo, pansi pa mtengo wa mango
pamene ndayambiranso ndi sizasi yobwereka,
kwabwera mtsikana wantchito wa ku Eriya 47
atanyamula mbaula yobooka pansi.
Ndinaizindikira msoko wake.
Akuti abwana ati muikonze msanga,
magetsi akuvuta.

Ndinaitembenuza kawiri.
Ndinayang'ana wotchi imene ndilibe.
Kenaka ndinadula lata latsopano, lolimba,
ndi kufunsa mtsikanayo dzina la abwana ake
kuti ndilembe ndi choko pambali,
chilembo ndi chilembo,
isasokonekere ndi ya munthu wina.