Kunsi kwa Thabwa

Mayi Nankwenya akuti zulani zonse.
Chiswe chinalowera kukhoma la kumpoto,
ndipo ukaponda pafupi ndi zenera
nyumba imabuula ngati wodwala msana.

Ndiye talawirira, ine ndi Twaibu,
nkhungu isanachoke paphiri,
Mulunguzi akusokosa kuseri kwa mpanda.
Twaibu wasenza mgwala,
ine nyundo, tchizulo,
ndi kanthu kena kamene sindinamuuze.

Thabwa loyamba lakana.
Mlombwa suli ngati paini wa masiku ano
amene ukangomuyang'anitsitsa wang'aluka.
Msomali wake ngwakuda, wa makona anayi,
ukutuluka ukulira, kwiii,
ndipo fumbi la zaka makumi asanu ndi atatu
latikwera m'mphuno, tayetsemula tonse awiri.

Kamene sindinamuuze ndi aka:
bambo anga anagwada pano.
Zaka khumi ndi zinayi, Lolemba ndi Lachisanu,
chitini cha polishi kumanzere, chiguduli kumanja,
kuyambira pakona apo, chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo
kuti phazi lawo lisasiye chidindo.
Maondo awo anauma ngati khungwa.
Ine ndinkathera pasitepe ya kukhitchini
kudikira mabotolo otha ntchito,
n'kumasuzumira pansi pakuwala
ngati madzi a padamu amene mwana saloledwa kusambamo.

Lero ndalowa ndi nsapato zamatope.
Palibe wandifunsa.

Kunsi kuli zake:
kobiri lobooka pakati, batani la yunifomu,
chisa cha khoswe cha nyuzi ya Chingerezi,
ndi thabwa lina, lachisanu ndi chiwiri kuchokera pazenera,
lolembedwa kumimba ndi pensulo:
Ndala Mwamadi,
masamu ake a mainchesi,
ndi kansomba kojambula, kaya kanali ka chiyani.
Twaibu akuseka, akuti mkuluyu ankasewera pantchito.
Ine ndangolitembenuza kawiri, katatu.
Bambo anapukuta msana wa thabwa ili mpaka imvi
osadziwa kuti kumimba kwake kuli mnzawo.

Masana kwabwera lole ya atsopano.
Bulugama wouma bwino, akutero Mayi,
mlombwa mungaupeze kuti lero,
ngakhale ku Chingale unapita ndi makala.
Sindikutsutsa.
Ndagogoda limodzi ndi chala,
layankha mopepuka ngati mnyamata wongosintha mawu.
Lidzaphunzira, likapondedwa.

Akale tawaunjika pakhonde milu iwiri.
Odyedwa, amene mkati ndi dothi lokhalokha,
atengedwa ndi mayi wokazinga mandasi ku Chinamwali.
Olimba akuti ndisankhepo,
adula pang'ono pa malipiro.
Ndasankha asanu, la kansomba lili pomwepo.
Mwina benchi. Mwina chitseko cha kwathu ku Sadzi,
chimene chakhala chikutsekedwa ndi mwala chaka chonse.

Kuno dzuwa silichedwa kubisala kuseri kwa phiri.
Tasesa, tathira mankhwala a chiswe,
takoka chingwe kuchokera pakona ija.
Kuti thabwa loyamba ligone bwino
uyenera kugwada, palibe njira ina,
ndipo bondo langa lapeza simenti yozizira
pamalo pomwe ndikuganiza kuti ankayambira.

Twaibu, tabwera nayo pensulo.

Ndalemba kumimba kwa bulugama:
Malikebu, wopukuta.
M'munsi mwake, Malikebu, wokhoma.
Nsomba sindidziwa kujambula,
ndayesa chitini, chatuluka ngati ng'oma.
Ndalitembenuza, ndaligoneka, ndalikhomera.

Twaibu ali kale pakhomo, jekete paphewa,
akuti tikachedwa akabaza akweza mtengo,
komanso misomali yatsala theka la paketi,
mawa tidzere kumsika tisanakwere kuno.