Nkhungu Ziwiri

Amalume a Tsokalida anandisiyira magalasi awiri
okulungidwa m'sokosi yaubweya,
ndi kamera yolemera ngati njerwa yootcha.
Pamaliro abale analimbirana njinga ndi malata.
Za m'sokosi palibe anazifunsa.

Zaka makumi atatu, pakhonde la sitolo pa boma la Dedza,
ankajambula nkhope za ziphaso:
khalani njo, tsitsani chibwano, musaphethire.
Koma Lamulungu, belu likamaitana anthu,
iwo ankalowera kuphiri.

Galasi loyamba ndi lalifupi, ladyera.
Limafuna zonse: thanthwe, mapaini, minda ya kachewere,
ngakhale mtambo wochokera ku Mozambiki
wodutsa malire osadinditsa.
Poti lameza zambiri,
mitengo ya m'mbali imapindika
ngati amayi opalira mzere womaliza,
ndipo phiri limene limandithetsa mpweya pokwera
limatuluka laling'ono ngati chulu.

Lachiwiri ndi lalitali, lili ndi kabodza kake.
Limakoka Chongoni n'kumukhazika paphewa pa Dedza
ngati pakati pawo palibe ulendo wotupitsa mapazi.
Dzanja likangonjenjemera pang'ono pokha
mwala uliwonse umabala mapasa.
Nanga m'chisanu cha Juni ndani sanjenjemera?
Ndaphunzira kuligoneka pamwala,
kugwira mpweya ngati wobisalira wangongole,
kenako khethe.

M'kati mwa lalitalilo mwamera nkhungu,
timizu toyera tonga ukonde wa kangaude,
tayambira m'mphepete, tikukwawira pakati.
Mnyamata wokonza mafoni kudepoti
analiunika padzuwa, nati:
"Mayi, ili lafa. Foni yanuyo ikuposa apa."
Sananame.
Foni imawerenga tsamba lililonse,
imapaka kubiriwira koposa kumene Mlengi anapaka.

Koma amalume sankafuna mitundu.
Ankati utoto ndi mlendo wolongolola,
sumva naye zimene mwini nyumba akunena.
Chotsa kubiriwira uone mafupa a phiri.
Pakati pa khala ndi ufa woyera
pali phulusa losawerengeka:
la mwala wonyowa,
la utsi wa ootcha makala kuseri kwa chitunda,
la malata akale a kusekondale,
la imvi zawo zomwe.

Lachinayi ndinakwera kusanache,
mame m'nsapato, zala zitauma gwa.
Ndinaima pamene iwo anaima chaka chimene ndinabadwa.
Ndikudziwa chifukwa analemba ndi pensulo kuseri kwa chithunzi,
ndipo mwala wong'ambika uja sunasamuke.
Pachithunzi chawo pali nkhalango yothithikana, yakuda bii.
Patsogolo panga panali zitsa.

Kenako nkhungu inatsika, ya Dedza yeniyeni,
ija imameza basi n'kusiya hutala.
Inakumana ndi inzake ya m'galasi,
ndipo sindinadziwe ikundiphimba ndi iti.
Ndinadina basi.

Usiku, m'chipinda chosungiramo mbatata,
bulangeti pazenera, chiguduli pansi pa chitseko,
ndinagwedeza pepala m'beseni
mpaka phiri linayamba kubwera ngati wotsitsimuka.
Zitsa zija sizinatuluke zitsa.
M'mphepete mwake munafewa, mitu inawerama,
zinakhala khamu la anthu ofunda zitenje
okhala pansi potsetsereka,
kudikira woti alankhule m'malo mwa banja.

Apo ndinakumbukira ng'ala.
Inawamera m'diso lamanja, lojambulira lija,
zaka zinayi asanatisiye.
Tinkawaseka akapatsa moni chitsa cha pabwalo.
Iwo ankangoti, "Mwadziwa bwanji kuti sichinayankhe?"

Filimu yatsala iwiri m'chitini cha mkaka.
Timizu tija sitigona,
dzinja likamatha tidzakhala titafika pakati.
Mnyamata wa kudepoti akuti angalitsegule,
alipukute ndi sipiriti, liwale ngati latsopano.
Ndamuuza kuti ndibwera Loweruka.
Aka n'kachitatu ndikumuuza choncho.