Chisoti cha Pepala

Pa ndandanda wa ntchito wa pa 25 Disembala
mayina ndi athu okhaokha:
ine Twaibu, Harjit wa nduwira, ndi Fartun.
Eni tsikuli tawamasula
kuti akaimbire kwawo.

Dudley m'mawa uno ali zii, mabasi agona.
Ndayenda wapansi, chisanu chikundiluma makutu,
mpaka kunyumba ya okalamba
kumene ndimasambitsa misana ya anthu
amene ana awo amabwera Lamulungu lokha.

Masana, patebulo, Mayi Hodgkiss
agwira mbali imodzi ya kampukutu konyezimira,
inayo aloza kwa ine.
Koka, akutero.
Phu! Mwagwa chisoti chachifumu,
cha pepala, chobiriwira, chopepuka ngati khoko la anyezi.
Dzanja lawo lonjenjemera likukwera
kufunafuna mutu wanga
pamene pakhala kale kofiya.

Usiku wathawu msuweni wanga anatumiza mawu pafoni:
achimwene, samalani, gule wa eni
amamuonerera patali.
Ndipo pano mwana wa mayiwa, maluwa ali m'manja,
nkhope yafiira ndi manyazi:
pepani, amayi aiwala,
inu zimenezi si zanu, eti?
Onse awiri andikonda,
onse awiri anditsekera chitseko chomwecho,
wina kunja, wina mkati.

Koma ine ndikuona Ntaja.
Ndikuona a Likhucha, Mkatolika wa korona m'khosi,
madzulo a pa 24, tambala m'khwapa,
akuodira pakhomo pathu:
a Shehe, tizingireni uyu.
Mpeni anali nawo kwawo, wakuthwa bwino.
Chimene ankafuna n'chakuti mawa lake
ifenso tithe kudya.
Bambo ankatembenukira ku kibula,
Bisimilahi pa nkhuku ya Khirisimasi,
ndipo palibe mphezi inagwa.
Mbale ya mpunga inkabwera yovindikira ndi kansalu,
n'kukhala kwathu miyezi ingapo,
pa Idi inkabwerera yodzaza.
Mpaka lero sindidziwa
mbale ija inali ya banja liti.

Ndawerama.
Chisoti chang'ambika pang'ono kumbuyo,
mutu wanga ndi wa kwathu, waukulu.
Harjit waseka mpaka kukhosomola,
lake lakhala pamwamba pa nduwira
ngati chisa cha mpheta.

Ayamba kuimba za mwana wobadwira m'khola.
Mawuwo sindiwatchula, pakamwa panga pali lonjezo lina.
Ndangogwira pepala la nyimbo pafupi ndi maso awo,
chala changa chikuyenda pansi pa mzere uliwonse
kuti asasochere.
Kaya kumeneko n'kuimba kaya ayi,
akaweruze odziwa mabuku.
Dzina la mayi wa mwanayo ndimalidziwa kale,
ndi limene tinapatsa mlongo wanga, Mariamu.

Nthawi ya swala yakwana.
M'chipinda chosungira nsalu zoyala muli kamalo kanga,
pakati pa matawulo ndi makina ochapira.
Ndikuvula chisoti, sindikudziwa pochiika.
Mayi Hodgkiss, amene dzulo anaiwala dzina la mwamuna wawo,
atambasula manja:
bweretsa ndikusungire,
pita ukapemphere, mwanangu, usathamange.

Pobwera ndawapeza atagona pampando,
chisoti chili pamiyendo, achigwira ndi manja awiri
ngati chinthu choti chingathe kuuluka.
Pambali pawo andisiyira keke,
yolumidwa kale pakona.