Mpata wa Lachinayi

Lamlungu usiku ku Valparaíso.
Chifunga chakwera kuchokera kudoko
mpaka pawindo langa, pamwamba pa sitolo ya buledi ya a Orellana.
Kope lili chitsegulire, pensulo m'dzanja,
chofufutira chatha ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.
Masiku asanu, mabokosi asanu ndi awiri patsiku,
bokosi lililonse mphindi makumi anayi ndi zisanu,
ndipo mawu a mwana ayenera kukwana m'menemo
ngati phazi m'nsapato ya chaka chatha.

Amaro sangabwere m'mawa,
mayi ake amakhala akupala nsomba ku Caleta Portales
mpaka dzuwa litafika paliwombo.
Eloísa sangabwere madzulo,
lilime lake limagona iye akadali maso.
Baltazar ndi Renata asakumane pakhomo,
analumana polimbirana galimoto yofiira ya pulasitiki.
Ndikasuntha dzina limodzi, atatu amagwa.

Kuyunivesite anandiphunzitsa kumene mawu amabadwira:
mpweya, kholingo, nkhama, nsonga ya lilime.
Za lendi sanandiuze.
Sanandiuzenso za inshuwalansi yolipira maulendo khumi okha,
ngati kuti chibwibwi chimawerenga mpaka khumi
n'kulongedza katundu wake.

Tsamba lomaliza ndimalitsegula ndi diso limodzi.
Mayina makumi awiri ndi atatu, odikira.
Ena ndinawalemba akuyamwa chala,
lero akuyesa yunifolomu.

Lachisanu lapitali Gaspar anatsanzika.
Zaka ziwiri tikuuzira thovu la sopo,
kuzimitsa makandulo opanda keke,
kuyasamulirana pagalasi ngati nsomba ziwiri,
ndipo tsiku limenelo ananena "ferrocarril" yense,
lilime likugudubuzika ngati sitima yeniyeni.
Bambo ake anatembenukira kukhoma
n'kuyamba kuwerenga kalendala nthawi yaitali.
Tsopano Lachinayi, hafu pasiti filii,
pali bokosi loyera mbee.

Awiri alitchera maso.
Mayi wa ku Viña del Mar, wokonzeka kulipiriratu miyezi itatu.
Mwana wake akati "s" umamva ngati tayala likuphwa,
ndipo anzake kusukulu amuphera kale dzina.
Limenelonso ndi bala, ndisalichepetse.
Winayo ndi Nibaldo, woyendetsa chikepe cha pa Cerro Barón.
Millaray wake ali ndi zaka zinayi ndi mawu asanu ndi limodzi basi.
Anandilembera onse kuseri kwa tikiti.
Atamva mtengo anapinda chipewa m'manja
n'kuti, "Ndikaganize kaye."
Ntchito yanga ndi mawu. Amenewo ndimawamva bwino.

Chifundo chinapha nkhwali,
ndipo a Orellana salandira chifundo pa tsiku loyamba la mwezi.
Ndalemba wa ku Viña ndi bolopeni.
Dzanja silinanjenjemere, ndisakunamizeni.

Ndayimirira, ndatsuka kapu yotsuka kale.
Ndasanja makadi a nyama m'bokosi mwake,
ndapeza kuti njovu yasowanso.

Kenaka ndabwerera pakope.
Lachitatu masana pali mzere wopyapyala wolembedwa "nkhomaliro."
Ndaufufuta mpaka pepala labooka pang'ono.
Theka la ola, nthawi imene chikepe chimapatsa Nibaldo mpumulo.
Adzakhala pansi nafe pamkeka wa labala,
adzaphunzire kudikira mwana asanamuyankhire,
kuti masiku asanu ndi limodzi otsalawo
sing'anga adzakhale iyeyo, kukhitchini kwawo.
Mtengo tidzakambirana. Ndalemba ndi pensulo.

Pansi uvuni wayamba kutentha,
fungo la buledi wa mawa likukwera masitepe.
Tikiti ija ili pansi pa nyale, zilembo zopendekeka:
amayi, madzi, ayi, galu, taona,
ndi lomaliza, limene akuti amalinena akuwomba mbale ndi supuni,
onjezani.

Ndatseka kope.
Makumi awiri ndi mmodzi atsala patsamba lomaliza,
ndipo palibe amene ndamuimbira foni.