Funso Lachisanu ndi Chinayi

Pepala langa lili ndi timabokosi titatu:
mwa apo ndi apo, nthawi zina, kawirikawiri.
Ndaima nalo pa depoti ya Quitumbe, kumwera kwa Quito,
chisanu cha m'mapiri chikuluma makutu,
Yusmary akutembenuza ma arepa pachiwaya
ndi zala zimene zinaleka kalekale kuopa moto.

"M'masabata anayi apitawa,
mwagona ndi njala kangati?"

Waseka, wapukuta manja pa epuloni.
"Ndani, ine kapena ana?
Paja mayankho ake ndi awiri."

Pepala silinakonzekere zimenezo.

Akuti ku Maracaibo anali namwino,
ankaupeza mtsempha wa khanda ngakhale magetsi atazima.
Anawoloka mlatho wa Rumichaca wapansi,
satifiketi ili m'jumbo, pansi pa malaya.
Kuno satifiketiyo ikusowa chidindo,
chidindo chikufuna ndalama,
ndalama zili m'chiwaya.

Lachiwiri asikari a mzinda anamulanda botolo la gasi.
Lachitatu anakongola lina
kwa Don Efraín wa mbatata,
amene m'mawa amatukwana obwera kuti atha ntchito,
madzulo n'kumusungira tomato wofewa kuseri kwa matumba.
"Ameneyo mumuika m'bokosi liti?"

Sindikuyankha. Cholembera chauma ndi kuzizira.

Mayi ake, kutali uko, amadya za m'chiwaya chomwechi,
madola makumi awiri pa foni, mwezi ukayenda bwino.
Ndiye kuti banja lake ndi la anthu angati?
Mzere wa funso lachiwiri ndi waufupi,
sungafike ku Maracaibo.

Pulofesa Tipantuña akufuna manambala pofika Lachisanu.
Sindikumunena, ndi munthu wamtima,
amati opanga malamulo samva misozi, amamva mapelesenti.
Mwezi wamawa, m'holo ya hotela yofunda,
Yusmary adzakhala kadontho pakhoma,
tidzaomba m'manja,
kenako belu la nkhomaliro.

Basi ya ku Ambato yaliza hutala.
Wagulitsa ziwiri, wabweza chenji osayang'ana.

Malamulo a kafukufuku amatiletsa kulandira mphatso.
Iye sanawawerenge.
Wandiyang'ana milomo, yang'ambika,
wafunsa ngati ndadya chiyambire m'mawa,
ndipo ndisananame
waika arepa yotentha pamwamba pa pepala langa.

Ndinali nditachonga "nthawi zina."
Mafuta alowerera pang'onopang'ono,
adutsa malire a bokosi loyamba, lachiwiri,
akupita kwa lachitatu.
Ndikudya chilili.
Kwatsala mafunso makumi atatu ndi limodzi.